Liwonde mu 2038: tikonzere madzi anthu angati?

Wamadzi:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tili pa ntchito yokonza pulani ya madzi a m'mipopi m'tauni ya Liwonde, ndipo paipi yaikulu ndi mathanki ziyenera kudzakwanira mpaka 2038, zaka 20 kuchokera pa kalembera wa 2018. Kalemberayo adapeza anthu 36,421 m'tauniyi. Mnzanga amene tikugwira naye ntchito watenga 2.9 peresenti, kakulidwe ka dziko lonse, ndipo wafika pa anthu pafupifupi 64,500. Ine ndaona mmene Liwonde yeniyeniyo idakulira, kuchoka pa 23,463 mu 2008, ndipo ndikupeza 4.4 peresenti pachaka, zomwe zikundifikitsa pa 86,000. Tasiyana ndi anthu oposa 21,000. Ngakhale titangowerengera malita 50 munthu aliyense patsiku, amenewo ndi malita oposa miliyoni imodzi tsiku lililonse. Abwana akufuna nambala imodzi pofika Lachisanu, pamodzi ndi chifukwa chake. Tikalemba 86,000 opereka ndalama adzati tafufumitsa, tikalemba 64,500 ndikuopa kuti mipopi idzayamba kutulutsa mphepo nthawi isanakwane. Mukadakhala inu mukadalemba iti?

Wachiwerengero:
Achimwene, 2.9 ija muiike pambali, siikukhudzana ndi ntchito yanu. Imeneyo ndi ya anthu 17,563,749 a dziko lonse, ndipo mwa anthu 100 aliwonse 84 mwa iwo adapezeka kumudzi. Dziko limakula makamaka ndi ana obadwa kuchotsapo omwalira. Tauni imakula ndi zimenezo, kuwonjezera amene abwera ndi katundu pa lole kudzafuna ganyu, kuwonjezeranso midzi imene tauni yaimeza. Ngakhale boma la Machinga lonse silidakule pa 2.9. Lidachoka pa anthu pafupifupi 490,000 mu 2008 kufika pa 735,438 mu 2018, komwe ndi kukula kwa pafupifupi 4 peresenti pachaka. Ndiye tauni yaikulu m'boma lotere ingakule bwanji pang'onopang'ono kuposa midzi yoizungulira?

4.4 yanuyo mwawerengera bwino, ndipo ndaona kuti mwagawa ndi zaka 10 ndi miyezi itatu. Ambiri amagawa ndi 10 chabe, osakumbukira kuti kalembera wa 2008 adachitika mu June pomwe wa 2018 adachitika mu September. Pakuoneka pochepa, koma mukakuchulukitsa zaka 20 kumabala anthu ambirimbiri amene kulibe. Bwereraninso kumbuyo pang'ono: mu 1998 Liwonde inali ndi anthu pafupifupi 15,700. Kuchokera pamenepo kufika 2008 idakula ndi 4.2 peresenti pachaka. Ndiye kuti zaka 20 zotsatizana tauniyi yakhala pamwamba pa 4. Si ngozi ya kalembera mmodzi ayi. Balaka, pafupi pomwepo, idachoka pa 22,733 kufika pa 36,308, liwiro lofanana ndithu.

Chenjezo limodzi kwa mnzanuyo: kalembera wa 2008 ali ndi manambala awiri a dziko lonse, 13,077,160 ndi 13,029,498. Yoyambayo ndi ya anthu amene adapezeka pamalopo nthawi ya kalembera, yachiwiriyo ndi ya anthu okhazikika pakhomo. Onetsetsani kuti nambala ya 2008 ndi ya 2018 mwazitenga za mtundu umodzi.

Wamapulani:
Amayi anena zoona pa za peresenti, koma ine funso langa lili kwina. Anthu 36,421 amenewa adawerengedwa mkati mwa malire ati? Ndipo mapaipi anu akathera pati?

Aliyense amene adayendapo ku Liwonde akudziwa kuti tauni siithera pa mtsinje. Mukawoloka Shire pa Kamuzu Barrage kulowera ku mphambano ya msewu wa ku Mangochi ndi wa ku Balaka, nyumba, magolosale ndi malo ogona alendo zikupitirira. Koma tsidya limenelo ndi boma la Balaka, ndipo kalembera amawerenga motsata maboma ndi mafumu ake. Munthu wa tsidya ilo mukamufunsa kumene amakhala adzati ku Liwonde. Imani pa mlathowo m'mawa dzuwa lisanakwere, muone akabaza, amayi osenza madengu a nsomba ndi ana a yunifomu akudutsana mbali zonse ziwiri. Ngati paipi yanu idzawoloke, anthu a tsidya ilo muwawonjezere paokha, musangoganiza kuti ali kale mu 36,421.

Vuto lomweli lili ku Blantyre. Mzindawu udapezeka ndi anthu 800,264 mu 2018 ndipo kakulidwe kake kanali ka 2 peresenti yokha, pomwe Lilongwe idakula ndi 3.8 ndipo Mzuzu ndi 5.4. Wina angaganize kuti ku Blantyre anthu asiya kubwera. Pitani ku Lunzu kapena ku Chileka mukaone mmene anthu akumangira. Onsewo kalembera amawaika ku boma la Blantyre, kunja kwa mzinda, koma madzi ndi minibasi amadalira zomwezo za mumzinda.

Langizo langa ndi loti musayambire pa dzina loti Liwonde. Jambulani kaye dera limene madzi adzafike. Kenako lemberani a NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera, ku Zomba akupatseni mapu a ma EA, timadera ting'onoting'ono timene wowerenga mmodzi amayendamo, pamodzi ndi chiwerengero cha kalikonse. Muwasanjike pa mapu anu mu GIS, pulogalamu ya mapu ya pakompyuta, muphatikize okhawo amene agwera mkati. Nambala yoyambira ndi imeneyo.

Wamadzi:
Bwana, apa mwakhudza penipeni. M'pulani yathu muli nthambi yowoloka mtsinje, komanso ina yotsata msewu wa ku Ntaja kupitirira pamene nyumba zothinana zathera. Koma mapu a ma EA a 2008 ndi a 2018 ndi ofanana? Chifukwa ndikufuna ndionenso ngati kukula kwa 4.4 kuja ndi kwa anthu enieni kapena malire ndi amene adafutukuka.

Wachiwerengero:
Safanana ayi. Kalembera aliyense asanayambe amajambulanso ma EA, chifukwa dera likachuluka nyumba amaligawa kuti wowerenga mmodzi alikwanitse. Ndiye musayerekeze EA ndi EA mnzake. Tengani chigawo chachikulu chokhala ndi malire osasuntha, monga pakati pa mtsinje, njanji ndi msewu, muphatikize ma EA onse a m'menemo a zaka zonse ziwiri. Mukapeza kuti chigawo chomwecho chidakula pafupifupi ndi 4, ndiye kuti ndi anthu enieni. Mukapeza 3, ndiye kuti gawo lina la 4.4 lidabwera ndi kusuntha kwa malire, ndipo limenelo simungalichulukitse chaka ndi chaka ngati kuti ndi ana obadwa.

Ngati mapu a 2008 achedwa, tsegulani zithunzi zakale za Google Earth, musankhe malo angapo, muwerenge madenga a chaka china ndi a chaka chino. Si kalembera, koma zimaonetsa mbali imene tauni ikukulira, ndipo kwa munthu woyala mapaipi zimenezo n'zofunika kuposa peresenti.

Wazaumoyo:
Ndilowererepo ngakhale sindine wa mapaipi. Ife kuchipatala timakhala ndi manambala awiri chaka chilichonse: yochokera ku NSO, ndi imene ma HSA, alangizi a zaumoyo a m'midzi, amapeza akayenda khomo ndi khomo m'madera awo. Kawirikawiri ya ma HSA imakhala yokwererapo. Sindikuti ndi yolondola kuposa inzake, chifukwa pena madera awiri amawerenga mudzi umodzi, pena banja lidasamuka kalekale koma lidakali m'kaundula. Ubwino wake ndi woti ndi yatsopano, ndipo imatchula mudzi ndi mudzi. Kalembera wa 2018 adachitika madzi osefukira a 2019, namondwe Ana wa 2022 ndi Freddy wa 2023 zisanachitike, ndipo ngozi zoterezi zimasamutsa mabanja. Pemphani kaundula wa ma HSA a m'dera lanu mufananize.

Chinanso, musaiwale anthu amene sagona m'tauni koma amamwa madzi ake. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde, osati ku boma kwenikweniko. Wodwala mmodzi amabwera ndi omudikirira awiri kapena atatu, ndipo iwowo amaphika, kuchapa ndi kusamba pomwepo masiku angapo. Onjezani msika, malo okwerera mabasi, masukulu ogonera konko ndi alendo opita ku Liwonde National Park. Amenewa muwawerengere padera monga madzi a mabungwe ndi amalonda.

Ndikuchondererani kuti musaderere. Kolera imene idavuta dziko lonse kuyambira mu March 2022 idayamba kupezeka m'boma lomweli la Machinga. Mpopi ukauma, mayi sadikira kuti pulani ikonzedwe. Amanyamula chidebe kupita ku Shire, kumene kuli ng'ona ndi matenda omwe.

Wamamita:
Chowonjezera changa ndi chaching'ono. Wina akakuuzani kuti mungotenga chiwerengero cha mamita n'kuchulukitsa ndi 4.4, anthu a pa banja limodzi malinga ndi kalembera wa 2018, mukane. M'matauni otere mita imodzi si banja limodzi. Mumalowa mumpanda, mwini ploti wamanga mdadada wa zipinda za lendi kuseli, chipinda chilichonse banja lake, mpopi uli umodzi pakati pa bwalo, pansi pake pali mzere wa zigubu zachikasu. Oyandikana nawo amadzagulanso pa chidebe. Buku lathu limati kasitomala mmodzi, pomwe akumwa anthu makumi angapo. Pa kiyosiki ndiye musanene. Yang'anani kuchuluka kwa madzi amene mita iliyonse ikudutsitsa pamwezi, mudzadziwa nokha ndi iti imene ikumwetsa mudzi.

Madala:
Ana anga, zonse mwanenazi n'zabwino, koma 86,000 ndikuikayikira. Kuchulukitsa 4.4 zaka 20 osatsika kukutanthauza kuti tauni iziwirikiza kawiri zaka 16 zilizonse mpaka kalekale. Matauni satero. Ikakhala yaing'ono, mabanja ochepa obwera amakweza peresenti kwambiri. Ikakula, malo apafupi amadula, anthu amayamba kumanga kutali. Komanso amayi a m'dziko muno akubereka ana ochepa kusiyana ndi kale: kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu (DHS) wa 2010 adapeza ana 5.7 pa mayi mmodzi, wa 2015 mpaka 2016 adapeza 4.4. Zimenezi zidzaonekera m'zaka zimene mukuwerengerazo.

Ndipo musaganize kuti kukulitsa chinthu kulibe vuto. Paipi yaikulu yodutsa madzi ochepa imachedwetsa madzi, klorini amatha asanafike kumapeto, matope amakhazikika. Pampu yaikulu imadya magetsi a anthu amene sanabadwe. Ngongole yake amabweza ndi makasitomala a lero kudzera m'mabilu.

Ine ndikadachita chonchi. Zaka 10 zoyamba 4.4, zaka 10 zotsatira 3.5. Zikukupatsani anthu pafupifupi 79,000 pa malire a kalembera. Imeneyo ikhale nambala ya abwana. 64,500 ndi 86,000 zikhale m'munsi ndi pamwamba, zilembedwe m'lipoti momwemo. Kenako mugawe zomangazo pawiri. Zovuta kubwereza, monga potungira madzi mumtsinje, paipi yodutsa pansi pa msewu ndi njanji, ndiponso malo a thanki, muzipime pa nambala yapamwamba, chifukwa kukumbanso tara n'kokwera mtengo kuposa kuwonjezera mainchesi lero. Zosavuta kuwonjezera, monga mapampu, thanki yachiwiri ndi zosefera, muzipime pa zaka 10 zoyamba, n'kusiya malo ake. N'chimodzimodzi telala wosoka yunifomu ya mwana: amapinda nsalu yotsala mumpendero kuti adzangomasula mwana akatalika.

Wamapulani:
Madala, pa za kugawa zomanga ndikugwirizana nanu kwathunthu. Pa 3.5 pokha ndikadapempha tisafulumire. Liwonde ili pa njanji ya ku Nacala, pamphambano ya misewu ya ku Zomba, Mangochi, Balaka ndi Ntaja, ndipo midzi yoizungulira ikukula pafupifupi ndi 4 peresenti pomwe minda siikukula. Achinyamata a m'midzi imeneyo akasowa polima, tauni yoyamba kufikira ndi yomweyi. Ndiye kutsika kungachedwe. Chimene ndikuumirira ndi malo: khonsolo ndi mafumu akupatseni malo a thanki yachiwiri ndi njira ya paipi panopa, zilembedwe, muikemo ndi zipilala. Mukadikira 2030 mudzapeza pamangidwa nyumba, ndipo chipukuta misozi chidzadya ndalama za thanki.

Wachiwerengero:
Kusiyana kwa Madala ndi bwana wa mapulani sikufunika kuthetsedwa sabata ino. Zaka 10 zoyamba onse akuvomereza 4.4, zomwe zikupereka anthu pafupifupi 56,000 mu 2028. Kalembera wotsatira akuyembekezeka chaka chomwecho. Lembani m'lipoti kuti gawo lachiwiri lidzapimidwanso zotsatira zake zikadzatuluka. Opereka ndalama savuta ndi nambala yaikulu akaona pamene yachokera ndi tsiku limene idzaunikidwenso.

Wamadzi:
Zikomo kwambiri nonse. Ndakambirana ndi mnzanga uja ndipo tagwirizana chonchi. Lachisanu tipereka 79,000 monga chiwerengero cha 2038 cha tauni ya m'malire a kalembera, 64,500 m'munsi, 86,000 pamwamba. Tsidya la Balaka ndi nthambi ya msewu wa ku Ntaja tiziika pa mzere wakewake, ndipo nambala yake tidzadzaza ma EA akafika. Chipatala, msika ndi masukulu nazonso padera. Kalata ya ku Zomba ndalemba kale, ipita mawa abwana akasayina. Achemwali a zaumoyo, ngati mungandilozere ofesi yoyenera kupempha kaundula wa ma HSA a mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndingathokoze, chifukwa tsidya linalo ndiyenera kudzera ku Balaka.

Wazaumoyo:
Lemberani mkulu woona za ukhondo ndi malo okhala ku ofesi ya zaumoyo ya boma lililonse, ndiye amene amayang'anira ma HSA. M'kalatamo mutchule mayina a midzi ndi magulupu amene mukufuna, osangoti Liwonde, kuti asakupatseni chiwerengero cha dera lonse la chipatala. Munenenso kuti mukufuna chiwerengero cha mabanja ndi cha anthu chokha, popanda mayina.