Lainingi ya makatani yandikanika, ndalakwitsa pati?

MayiWaPaBembeke:
Abale ndithandizeni. Ndinagula nsalu ya makatani a pabalaza, yamaluwa yokongola ndithu koma ndiyopyapyala, usiku tikayatsa getsi wodutsa panja amachita kutiwerenga mmene takhalira, ndiye kuphatikiza kuzizira kwa kunoku June akafika mphepo imangolowa ngati zenera palibe. Ndiye ndinaganiza zoika lainingi, nsalu ina yosokerera kumbuyo kwa katani. Makina ndili nawo, a Singer opalasa aja anandisiyira apongozi. Ndinayesa pa katani imodzi, ndinadula nsalu ziwiri zofanana nkusoka mbali zonse ngati pilo, koma nditapachika pansi pake pakutukumuka ngati thumba la makala ndipo lainingi ikusuzumira mmbali. Ndisanaononge inzakeyo ndiuzeni.

TelalaWaPaLizulu:
Mayi vuto ndi pilo wanuyo basi. Lainingi sidulidwa mofanana ndi katani. Mulifupi ichepe ndi masentimita 10, mulitali ikhale yoti mukamaliza kupinda ithere masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa mpendero wa katani. Choyamba pindani mpendero wapansi, katani payokha lainingi payokha, musazilumikize pansi ayi. Kenako muzigoneke moyang'anizana kumaso, sokani mbali imodzi, mukokere lainingi ifike mbali inayo musokenso, musadabwe kuona katani ikuchita ngati yatsala pakati ndi mmene ziyenera kukhalira. Mukatembenuza nsalu yotsala ija imapindikira kumbuyo mbali zonse ziwiri ndiye lainingi imabisala yokha. Sitani bwinobwino, baya mapini, pomaliza msoko wa pamwamba ndi womwe umagwira zonse pamodzi, kaya muika tepi ya mahuku kaya mupinda polowa waya. Pansi pakhale potseguka kuti nsalu iliyonse izilendewera payokha.

Koma funso langa, munachapa musanadule? Kotoni amafupika akalawa madzi koyamba pomwe nsalu zambiri za makatanizi ndi polyester sizisuntha, ndiye mukadzachapa imodzi idzakoka inzake muzidzati telala anakunamizani. Viikani zonse ziwiri, ziume, musite, ndiye mudule.

NachisaleNtcheu:
Zoona zimenezo abambo. Ine sindigula nkomwe lainingi ya mushopu, ndimasankha mabedishiti oyera pa kaunjika, anachapidwa kale kambirimbiri ndiye zofupika palibe, komanso ena amabwera ndi mpendero wake kale ntchito yachepa. Bola muliyang'ane padzuwa musanalipire chifukwa lina limakhala latha pakati. Yoyera kapena ya kirimu ndi yomwe ili bwino, dzuwa likamaomba imapsa ndi lainingiyo maluwa anu osasuluka. Ine ndinaika yofiira ku chipinda cha ana, nditachapa katani yonse inasanduka pinki kkkk mpaka pano apongozi amandiseka.

MnyamataWaKuDedzaBoma:
Amayi kuzizira kwa pa Bembeke bedishiti lingakwanitse? ingosokereranipo bulangete basi kkkk

TelalaWaPaLizulu:
Achimwene mukuseka koma zimachitika, ena amaika nsalu yokhuthala pakati pa katani ndi lainingi ndipo chipinda chimafunda ndithu. Koma pa waya wa sipuling'i uja musayerekeze, amagwa mphuno tsiku lomwelo, pamafunika chitsulo kapena ndodo yolimba. Singano nayo musinthe, 14 ndi yokwana pa nsalu ziwirizi koma mukaonjezera chokhuthala pitani pa 16, apo ayi muzingothyola. Chinanso kwanu kumtundako mmawa magalasi amachita thukuta, katani ikamagunda galasi lainingi imanyowa nkuyamba madontho akuda osachoka, ndiye muzitsegula kukacha ipitidwe mphepo.

MayiWaPaBembeke:
Aaa zikomo nonse, ndiye kuti ndinalakwitsa kawiri, sindinachape komanso ndinatseka pansi. Madzulo ano ndikhala pansi ndi lezala kusomola msoko wonse uja, mwayi ulusi ndinaika wotalikira sundivuta. Bulangete ayi achimwene, alipo awiri okha ndipo ana akulimbirana kale. Abambo a pa Lizulu, masentimita 10 aja ndi pa katani iliyonse kapena pa zenera lonse? mazenera anga ndi a makatani awiriawiri.

TelalaWaPaLizulu:
Pa katani iliyonse mayi. Ndipo posomola samalani ndi lezalayo, polyester akang'ambika sabwerera.