Kodi n'zoona kuti chuku chingateteze chimanga ku chuku chinzake?

Alimi anzanga ndi alangizi amene muli pa gulu lino, ndikupempha nzeru. Ndimalima maekala awiri a chimanga ku Balaka, ndipo chaka chatha, ng'amba itagwa chimanga chikumasula, ndinapeza zitsononkho zambiri zili ndi chuku chobiriwira kunsonga, makamaka zimene ntchemberezandonda zinaboola. Tinasankha chowolacho, koma mtima sunakhale pansi, popeza ndinamva kuti poizoni wa chuku, aflatoxin, satha ndi moto wophikira nsima, ndiponso kuti mu 2004 anapha anthu 125 ku Kenya.

Tsopano ndauzidwa za Aflasafe, mankhwala owaza m'munda oteteza chimanga ku poizoniyu, amene anapangidwa ndi bungwe lofufuza za ulimi la IITA. Chikundizunguza mutu n'chakuti akuti m'kati mwake muli chuku chomwecho cha Aspergillus flavus. Kodi nditaye ndalama kuwaza m'munda mwanga chinthu chimene ndikuchithawa? Nanga chimanga chija chimawola ndi nguwi zoyera kapena zofiirira, chingatetezedwenso?

Mlangizi wopuma ntchito: Bambo, mantha anuwo ndi omveka. Chukucho n'chapachibale ndi choipacho, koma ndi cha mitundu yosankhidwa imene situlutsa poizoni. Amachimata pa njere za mapira zosamera, zopakidwa utoto wabuluu, ndipo njerezo zikagwera pa dothi lachinyezi chukucho chimaswana n'kuyamba ndicho kufika pa chitsononkho, kotero kuti choipacho chimasowa malo ndi chakudya. Pa ekala muwaze makilogalamu 4, kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti ngayaye zituluke. Muyambe mwamaliza kupalira ndi kubandira, chifukwa njerezo zikakwiririka ntchito yawonongeka, ndipo musapopere mankhwala opha chuku pambuyo pake. Zowola zofiirirazo ndi za chuku china chotchedwa Fusarium, ndipo kumeneko Aflasafe ilibe mphamvu.

Mayi wina wa ku Dedza: Pa Fusarium ena amasakaniza mbewu ndi chuku chothandiza chotchedwa Trichoderma, chimene chimakhala m'nthaka n'kumalimbana ndi matenda owoletsa mizu. Komabe musaiwale kuumitsa chimanga pa lona kapena pa mkeka, osati pa dothi.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Chandikayikitsa tsopano ndi chinyezicho, popeza kwathu kuno mvula imakonda kudula nthawi imeneyo. Kodi ndikawaza n'kukhala sabata yathunthu osagwa mvula, njerezo zimadikira, kapena nyerere ndi nkhuku zimayamba zatha nazo?