Ndituluke bwanji m'malupu awiri osatuluka mu function yonse?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Ulongué, kuno ku Angónia, ndipo ndikulemba kapulogalamu ka pakompyuta m'chinenero cha Python kosunga kaundula wa amalume anga, amene amagula mbatata ya kachewere kwa alimi.

Muli malupu awiri (lupu ndi malamulo amene kompyuta imachita mobwerezabwereza): yakunja imayenda m'midzi, yamkati imayenda m'maina a alimi a mudzi uliwonse. Ndikufuna kuti mlimi amene ndikumufuna akangopezeka, kusaka kuthere pomwepo. Ndinaika break, lamulo lotulukira mu lupu, koma imangotseka lupu yamkati yokha, yakunja n'kupitiriza midzi yotsala. Dzulo pulogalamu inapezanso munthu wina wa dzina lomwelo m'mudzi wachitatu n'kundionetsa matumba ake m'malo mwa a woyambayo. Zinandiwawa, chifukwa apa tikunena za ndalama za anthu.

Nditasintha n'kuika return, lamulo lotulukira mu function (chigawo cha pulogalamu chimene muli malupuwo), function yonse inathera pomwepo, ndipo mizere yam'munsi yowerengera mametikali ndi kusindikiza risiti sinafikidwe.

Java, chinenero china cholembera mapulogalamu, ili ndi break yokhala ndi label (dzina losonyeza lupu yoti utulukemo), koma Python ilibe. Ndiye chabwino n'chiti: ndiike variable ya True ndi False (chizindikiro chosunga ngati mlimiyo wapezeka kapena ayi), kapena malupuwo ndiwasamutsire mu function yawoyawo kuti return igwire bwino? Inu amene mwazolowera, mumatani?