Ndikufuna kuyamba kusema mitengo pa lathe, ndiyambire pati?

Wa ku Area 25:
Akuluakulu, ndikufuna kuphunzira kusema pa makina ozungulitsa mtengo aja. Si za geni ayi, ndi zongosangalatsa Loweruka: timbale, mipini, timitondo ta adyo. Ndigule chiyani poyamba, nanga mtengo wophunzirira ndi uti?

Mmisiri wa ku Mchesi:
Achimwene, mbale iyambe yadikira. Yambani ndi mpini. Tengani mtengo wa masentimita 5 mbali zonse, wotalika masentimita 30. Kumapeto konse kuwiri jambulani mizere iwiri kuchoka ngodya kufika ngodya. Pamene yakumanapo ndiye pakati, ndi pomwe makina agwire.

Tchizulo zitatu zikwana: roughing gouge yochotsera ngodya, spindle gouge ya mamilimita 10 yokometsera, ndi parting tool yodulira. Chitsulo chotsamirapo tchizulo chitalikirane ndi mtengo mamilimita 3 okha, ndipo musanayatse zungulitsani mtengowo ndi dzanja kuti muone ngati sukugunda penapake.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa. Tchizulo igone kaye pa chotsamira. Kenako kumsana kwa msonga, ponoledwa paja, kukhudze mtengo osadula. Mukatero kwezani mpini wa tchizuloyo pang'onopang'ono mpaka iyambe kudya. Mukalowetsa msonga mwachindunji, mtengo umaiwakha n'kuimenyetsa pansi, n'kusiya chibowo.

Phunzirirani pa malaina, jakaranda kapena mango. Mlombwa ndi mbawa n'zokongola koma n'zodula, musaziwonongere sukulu. Phingo limabunthitsa tchizulo musanapume n'komwe.

Bambo a Mota:
Ndiwonjezere za liwiro, poti makina ambiri kuno ndi opangitsa kwa owotcherera. Mota wamba amazungulira pafupifupi ka 1400 pa mphindi. Pa mpini uja palibe vuto. Koma mtengo wa mbale wa masentimita 25 usapitirire 900, ndipo ukadali ndi ngodya zake yambirani cha m'ma 500. Mukaika pule ya masentimita 5 pa mota ndi ya masentimita 10 pa shafiti, mupeza 700. Ya 15 ikupatsani pafupifupi 470. Muwauze owotchererawo aike mapule a masitepe atatu, muzingosuntha lamba.

Onetsetsaninso kuti nsonga ziwiri zogwira mtengo zikuyang'anizana ndendende mukazisendeza pafupi. Zikaphonyana makina amanjenjemera. Magetsi akazima, thimitsani switchi nthawi yomweyo, kuopa kuti angadzayake dzanja lili pamtengo.

Nachisale:
Bambo a Mota anena zoona. Musadalirenso magalasi okha, pezani chotchinga nkhope yonse. Malaya a manja aatali pindani, magolovesi ayi, amakodwa.

Mukafika pa mbale, mtengo wauwisi umasemeka mofewa koma umang'aluka pouma. Ung'ambeni pakati, muchotse mtima wake, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Semani koyamba mosiya makoma okhuthala: mbale ya masentimita 20 ikhale ndi khoma la masentimita 2. Pakani guluu wa matabwa kapena penti yotsala, muiike m'katoni pamthunzi miyezi ingapo, osati padzuwa la Okutobala. Ipindika ndithu, ndiye mudzaibwezere pa makina n'kuiwongola. Bulugama ndiye musavutike naye, amang'aluka ngakhale mumunyengerere.

Sandipepa: 80, 120, 180, 240, osadumpha, mutachotsa chotsamira chija. Utuchi wake ndi woipa m'chifuwa, valani masiki. Pa chodyeramo pakani phula la njuchi. Mafuta ophikira amadzanunkha pakapita nthawi.

Wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Nanga roughing gouge yomweyo ndingakumbire mbale? Wina akuti ndingosula tchizulo pa tupa yakale.

Mmisiri wa ku Mchesi:
Zonse ziwiri ayi. Pa mbale mitsempha ya mtengo imabwera mopingasa kawiri pa kuzungulira kulikonse, ndipo roughing gouge ndi yopyapyala polowera mumpini, imathyokera pamenepo. Pamafunika bowl gouge, tchizulo yokumbira mbale. Tupa nayo ndi youma kwambiri, ikagwidwa siipinda, imasweka ngati galasi. Ndalama zanu muyambe mwagulira gulayinda ya patebulo, chifukwa mudzanola kangapo pa mbale imodzi.