Kodi boom ndiziichirikiza bwanji thanga lalikulu likatsitsidwa?

Wamatanga:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwayendetsa maboti a matanga kwa nthawi yaitali. Boti langa ndi laling'ono, la mamita 6, ndipo limakhala pa nangula ku Senga Bay. Vuto lili pa boom, mtengo wopingasa uja umene umagwira thanga lalikulu kumunsi. Thanga likakhala m'mwamba palibe chovuta chifukwa ndilo limainyamula, koma ndikangomasula chingwe chokwezera thanga, mapeto a boom amagwera pamalo okhala anthu, nthawi zina pa chiwongolero penipeni. Ikagona pamenepo imakanda penti mafunde akamagwedeza boti, ndiponso ndikuopa kuti cholumikizira chake cha pa mlongoti chidzathyoka. Kodi njira yodalirika ndi iti, yosafuna kuitanitsa zipangizo zodula kunja?

Mkulu wa Padoko:

Achimwene, chimene boti lanu likusowa ndi chingwe chimene amalinyero amachitcha topping lift. Chimachokera pamwamba pa mlongoti n'kutsikira kumapeto a boom, ndipo kwa boti la msinkhu umenewo chingwe cha mamilimita 5 kapena 6 n'chokwanira. Ena amangochimanga mbali zonse ziwiri pa utali umodzi, koma ine ndingakulangizeni kuti muchidutse pa kagudumu kakang'ono kumapeto a boom, chiyende motsatira boom yomweyo kufikira pafupi ndi mlongoti, kuti muzitha kuchikoka kapena kuchimasula muli chiimire pamalo amodzi.

Chofunika kwambiri ndi ndondomeko yake. Musanatsitse thanga, yambani mwakoka chingwechi kuti kulemera kwa boom kuchoke pa thanga, kenako tsitsani. Mukakweza thanga, chimasuleni mpaka chilendewere pang'ono. Chikakhala chokungika pamene mukuyenda, chimanyamula boom m'malo mwa thanga, m'mphepete mwa thanga chakumbuyo mumakhala mofooka, mphepo imathawira pamwamba, ndipo boti limalephera kukwera bwino molunjika kumene mphepo ikuchokera. Chikalendewera mopitirira muyeso, chimakwapula thanga ndi kudya ulusi wa m'misoko. Ubwino wake waukulu mudzauona tsiku limene mphepo yakula muli pakati pa nyanja ndipo mukufuna kuchepetsa thanga, chifukwa pa nthawi imeneyo palibe chinthu china chimene chingagwire boom kuti isagwere anthu pamutu.

Nachisale:

Ndikugwirizana ndi bambo amene ayankha pamwambapa pa nkhani ya pa ulendo, koma boti likamagona pa nangula chingwe chokha sichokwanira. Chimaletsa boom kugwa, koma sichiiletsa kupita uku ndi uku. M'miyezi yozizira, mwera ukamaomba usiku wonse, kugwedezeka kumeneko n'kumene kumadya cholumikizira chimene mukudandaula nacho. Pezani mmisiri wa matabwa akupangireni mphanda yoti boom izikhalapo, monga mmene mtanda wa denga umakhalira pa mphanda ya nyumba. Matabwa awiri opingasana, omangidwa ndi bawuti imodzi pakati kuti azipindika posunga, amagwira ntchito bwino lomwe. Pamene pakhale boom muikepo chidutswa cha chubu cha tayala kuti isakandike, ndipo miyendo yake ikhale ndi pokhazikika kuti isaterereke. Boom ikakhala pa mphanda, kokani chingwe chowongolera thanga kuti chiipanikize pansi, ndipo sidzasunthanso.

Wamatanga:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Mnzanga wina wandiuza kuti ndisavutike ndi zonsezi, ndingomanga kachingwe kakafupi kokhala ndi ngowe pa waya wogwira mlongoti kumbuyo, n'kumakolekapo boom. Winanso akuti ndizigwiritsa ntchito chingwe chokwezera thanga chomwecho. Kodi njira zimenezi zili ndi vuto?

Mkulu wa Padoko:

Chingwe chokwezera thanga chimathandiza ndithu, koma pokhapokha thanga litatsika kale ndipo mwachimasula kumutu kwake n'kuchimanga kumapeto a boom, kutanthauza kuti pa nthawi yotsitsayo boom idzagwabe. Ndi njira yabwino yosungira boti pamalo abata, osati yothetsera vuto limene mwafotokoza.

Za ngowe ya pa waya wakumbuyo ndikuchenjezeni mwamphamvu. Maboti ambiri aang'ono amabwera nayo, koma ngozi yake ndi yakuti munthu amakweza thanga boom ikadali yokolekedwa. Mphepo ikabwera mwadzidzidzi cham'mbali, mumamasula chingwe chowongolera thanga koma boom situluka chifukwa yagwidwa pakati, ndipo boti limapendekeka kwambiri mwinanso kugubuduzika kumene. Ngati muigwiritsa ntchito, kolekani boom boti litayang'ana kumene mphepo ikuchokera, ndipo muikolole thanga likangofika pamwamba, musanakhote.

Chiliponso chipangizo cholimba chimene chimakankhira boom m'mwamba kuchokera kunsi kwa mlongoti, china chokhala ndi sipuling'i mkati, china cha ndodo zopindika za fibreglass monga Boomkicker. Chimagwira ntchito bwino ndipo sichikhudza thanga, koma chimenecho ndiye chofuna kuitanitsa. Kwa boti lanu, mangani topping lift ya pa ulendo ndipo mupangitse mphanda ya pa nangula monga alangizira mayi Nachisale. Boom ikakhala pa mphandayo, masulani topping lift pang'ono musanaipanikize pansi, kuti mphamvuyo ipite pa matabwa osati pamwamba pa mlongoti.