Ndithandizeni pa mutu wa India, zaka ndaloweza koma mayeso akundikanika

Membala wosatchula dzina:
Akuluakulu apagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndine mayi wa ana awiri, ndikubwereza Fomu 4 ku open, ndipo History ndi phunziro lomwe ndikulidalira kuti linditsitsire mapointi pa MSCE. Za Amaravi, Angoni ndi amishonale zimalowa bwinobwino. Koma mutu wa ufulu wa India wandimaliza.

Sikuti sindiwerenga ayi. Ndinang'amba katoni ya sopo, n'kulembapo zaka zonse, n'kuipachika pamsomali pafupi ndi mbaula. Ndimaloweza uku ndikuvundula nsima: 1857, 1885, 1906, 1919, 1930, 1935, 1942, 1947. Mutandidzutsa pakati pa usiku ndikuuzani kuti chipani cha Congress chinayamba mu 1885 ku Bombay, chipani cha Asilamu cha Muslim League mu 1906 ku Dhaka. Mpaka mwana wanga wa Sitandade 5 waloweza nawo. Koma pa mock kunabwera funso loti tifotokoze zifukwa zomwe India inagawikira pawiri, ine ndinadzaza masamba awiri ndi nkhani ya Gandhi ndi mchere. Aphunzitsi anangodula mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kulemba kuti sindinayankhe funso. Misozi inatuluka ndili mu minibasi.

China n'chakuti malamulo a 1919 ndi 1935 ali ndi dzina limodzi, Government of India Act, ndiye ndimawasakaniza. Anzanga munkauwerenga bwanji mutu umenewu? Kapena ndingousiya ndidalire mitu ina?

Wolemba mayeso chaka chatha:
Mayi musayerekeze kuusiya. Mutu womwe mwaudumpha ndi womwe umakudikirirani papepala, ine zinandionekera.

Mnyamata wina:
Pitani ku Limbe mukafunse amwenye m'masitolo muja, nkhani ndi yakwawo imeneyo.

Mayi wina:
Achimwene, ambiri aja anabadwira konkuno. Inuyo atakufunsani chaka chomwe Angoni anawoloka Zambezi mungayankhe?

Mphunzitsi wopuma:
Amayi, vuto lanu ndaliona, ndipo ndakumana nalo zaka zambiri m'kalasi. Katoni yanuyo yadzaza ndi mkangano wa anthu a ku India ndi Angerezi. Funso la kugawika likufuna mkangano wina, wa eni dziko okhaokha. Ndiye Gandhi muyambe mwamuika pambali, mutsatire Muhammad Ali Jinnah.

Jinnah anali wa Congress. Mu 1916 ndi iye amene anathandiza kuti Congress ndi League zigwirizane ku Lucknow. Nanga chinavuta n'chiyani kuti munthu yemweyo mu 1940 akaime ku Lahore n'kumafuna kuti Asilamu akhale ndi dziko laokha? Mukayankha funso limenelo ndiye kuti mwatha.

Gwero lake ndi chiwerengero. Mwa anthu anayi aliwonse, Msilamu anali pafupifupi mmodzi. Nkhani ya mavoti itayamba kumveka, atsogoleri a Asilamu anaona kuti Ahindu azidzawina nthawi zonse chifukwa chochuluka. Mu 1909 Angerezi anapatsa Asilamu mipando yawoyawo, yovoteredwa ndi Asilamu okhaokha. Ena amati kunali kuwateteza, ena amati kunali kugawanitsa anthu kuti asavute kuwalamula. Lembani zonse ziwiri, mamalikisi ali pamenepo.

Tsono pali chaka chomwe palibe pakatoni panu, koma pa funso ili chikuposa 1930. Chaka chake ndi 1937. Kunachitika zisankho za m'zigawo 11, Congress inapanga boma m'zigawo zambiri, League inagwa ngakhale pa mipando ya Asilamu yomwe. Ku chigawo cha United Provinces a League ankayembekezera kugawana maunduna, koma Congress inati ofuna unduna ayambe asungunukira m'chipani chawo. Apa m'pamene Jinnah anatsukira m'maso. Anayamba kuuza Asilamu kuti mwaona, mzungu akadzachoka zidzakhala chonchi dziko lonse.

Kenako nkhondo inamuthandiza. Mu 1939 bwanamkubwa Lord Linlithgow analengeza kuti India yalowa nkhondo popanda kufunsa atsogoleri ake, nduna za Congress n'kutula pansi maudindo. Mu Ogasiti 1942 Congress inayambitsa Quit India, kampeni youza Angerezi kuti achoke, atsogoleri ake onse n'kutsekeredwa, ambiri mpaka 1945. Bwalo linatsala la League yokha. Pofika zisankho za 1945 ndi 1946 inasesa pafupifupi mipando yonse ya Asilamu. Pa 16 Ogasiti 1946 League inaitanitsa zionetsero, ku Calcutta anthu masauzande anaphana m'masiku ochepa, ndipo chidani chinafalikira kwina. Bwanamkubwa watsopano Lord Mountbatten atafika mu Malichi 1947 anaona kuti zogwirizanitsa zalephereka, ndiye tsiku lochoka Angerezi, lomwe linali Juni 1948, analikokera pafupi. Pakistan, dziko la Asilamu lija, inalandira ufulu pa 14 Ogasiti, India pa 15 Ogasiti 1947. Malire odula zigawo za Punjab ndi Bengal anawalemba Cyril Radcliffe, loya amene anali asanapondepo India, m'masabata pafupifupi asanu okha. Anthu oposa 10 miliyoni anathawa m'makomo mwawo.

Za malamulo awiri aja musavutike. Mu 1919 anapereka theka la chigawo: nduna za ku India zinatenga maphunziro, zaumoyo ndi ulimi, bwanamkubwa n'kugwira polisi ndi ndalama. Mu 1935 anapereka chigawo chonse, koma kulikulu asilikali ndi nkhani zakunja zinatsalabe m'manja mwa mzungu. Zisankho za 1937 zinabadwa m'lamulo la 1935 limeneli.

Membala wosatchula dzina:
Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Chaka cha 1937 chilimo m'manotsi mwanga koma ndinkachidumpha poona ngati n'chopanda ntchito. Nanga za mchere zija ndinaloweza pachabe?

Mphunzitsi wopuma:
Ayi amayi, muzisunge. Zimagwira ntchito akafunsa njira zomwe Gandhi ankamenyera ufulu. Koma osangonena kuti anayenda kuchokera ku Sabarmati pa 12 Malichi 1930 n'kukatola mchere ku Dandi pa 6 Epulo. Nenani chifukwa chomwe anasankhira mchere. Boma ndi lomwe linkaugulitsa n'kumadula msonkho, chonsecho umalowa mumphika wa aliyense, wosauka ndi wolemera, Mhindu ndi Msilamu. Muonjezerepo za 1922, pomwe anaimitsa yekha kampeni yokana kugwirizana ndi boma anthu atawotcha polisi ku Chauri Chaura. Wochonga amafuna aone kuti mukudziwa kuti munthuyu sankafuna chiwawa ngakhale cha anthu ake omwe.

Bambo wina:
Gandhi yemweyu si uja anthu anakana chiboliboli chake ku Blantyre mu 2018? Zomwe ankalemba za anthu akuda ali ku South Africa bwanji siziphunzitsidwa? Ndipo banja lake linadzalamulira India zaka zambiri kudzera mwa mwana wake Indira.

Wolemba mayeso chaka chatha:
Bambo, za chiboliboli n'zoona, khoti linaimitsa ntchitoyo. Koma Indira Gandhi anali mwana wa Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu yoyamba ya India, dzinalo ndi la mwamuna wake. Musawasokoneze mayiwa, mayeso ayandikira.

Membala wosatchula dzina:
Inenso ndinkaganiza kuti ndi mwana wa Gandhi, mwandipulumutsa. Katoni ija ndaitembenuza, kumbuyo kwake ndalemba 1909, 1916, 1937, 1939, 1940, 1946, chaka chilichonse ndi zomwe zinamusintha maganizo Jinnah. Usiku uno ana akagona ndilembanso funso la mock lija osayang'ana manotsi. Aphunzitsi, ndikalijambula n'kuliika pano mawa mungandichongere? Ndipo za Kashmir, dera lomwe India ndi Pakistan amalimbirana, zimalowa pa funso lomweli kapena ndi za akafunsa zotsatira?