Ndidule masini a ku Portugal mu The Spanish Tragedy?

Nabanda: Anzanga pagulu pano, ndibwerekeni nzeru. Ophunzira anga a chaka chachitatu akuchita The Spanish Tragedy ya Thomas Kyd kumapeto kwa teremu. Tikaisewera yonse ikupitirira maola awiri ndi theka, chonsecho holo atipatsa ya ola limodzi ndi theka, ndipo osewera ndili nawo 12 okha. Ndaganiza zochotsa masini (zigawo za sewero) awiri a ku Portugal aja, a Viceroy, yemwe ndi wolamulira wa dzikolo, ndi nduna zake Alexandro ndi Villuppo. Villuppo ndi Hieronimo, mwini nkhani amene amabwezera imfa ya mwana wake Horatio, sakumana n'komwe, ndipo imfa ya Horatio siwakhudza anthu amenewa. Za Pedringano, wantchito amene amathandiza nawo kupha Horatio, nazo ndikufuna ndizidule pakati. Alipo anaichitapo kapena kuiphunzitsa?

Chisale: Amayi, kwina konse dulani, koma Pedringano musamukhudze. Kumbukirani kuti kalata ya magazi imene Bel-imperia, chibwenzi cha Horatio, amaponyera Hieronimo mu act 3 sini 2 yoneneza mlongo wake Lorenzo ndi Balthazar kuti ndiwo anapha Horatio, mkuluyo saikhulupirira. Amaganiza kuti ndi msampha woti anamizire Lorenzo kenako aphedwe. Chimene chimamutsimikizira ndi kalata yachiwiri, ija wonyonga anthu amaipeza m'zovala za Pedringano atamupachika kale. Kuti kalatayo ipezeke, Lorenzo ayambe wakayikira Serberine, mnzawo wina pa chiwembucho, atume Pedringano kukamuwombera, aike alonda pamalo pomwepo kuti wowomberayo agwidwe, kenako amunamize kuti chikhululukiro chili m'bokosi limene kamnyamata kanyamula. Mukachotsa chimodzi mwa izi, Hieronimo akupha anthu popanda umboni, ndipo limenelo ndi sewero lina.

Komanso amene akuweruza mlandu wa Pedringano ndi Hieronimo mwiniwake, poti ndiye Knight Marshal. Akupereka chilungamo kwa ena pamene mwana wake ali m'manda, womupha sakudziwika. Ndiye sini ya kamnyamata kotsegula bokosi n'kupeza mulibe kanthu ija ndi imene holo yonse idzaseke. Musawamane.

Mwale: Pa Pedringano ndili ndi a Chisale. Koma Portugal chotsani, asisi, osaopa. Laurence Olivier mu filimu yake ya Hamlet ya 1948 anachotsa Fortinbras, Rosencrantz ndi Guildenstern onse, ndipo filimuyo inatenga Oscar. Ngati Shakespeare amadulidwa chomwecho, Kyd ndi ndani? Owonera athu ayambe agwira mayina a Andrea, Balthazar, Lorenzo, Horatio, Bel-imperia, kenako muwasenzetsenso ufumu wachiwiri ndi mayina ena atatu? Pofika act 2 adzakhala ali pa foni.

Nankhoma: A Mwale, pang'onopang'ono. Ine ndaiphunzitsa kwa zaka ndithu, ndipo chaka chilichonse pamapezeka wophunzira wonena kuti masini a ku Portugal ndi ongodzazira. Ndimamuuza kuti aone kaye pamene Kyd anawaika.

Yoyamba ili pa act 1 sini 3. Viceroy akudzigwetsa pansi kulira mwana wake Balthazar, amene ife owonera tangomuona wamoyo ku Spain, wagwidwa ku nkhondo koma akusungidwa mwaulemu. Villuppo akunama kuti anaona Alexandro akumuwombera kumsana. Viceroy akukhulupirira nthawi yomweyo, osafunsa mboni, osadikira mthenga. Yachiwiri ili pa act 3 sini 1, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Horatio wangophedwa kumene, apachikidwa m'munda wa bambo ake. Hieronimo ndi mkazi wake Isabella anyamula mtembo. Kenako Kyd akutitengera ku Portugal, kumene Alexandro amangidwa pa mtengo kuti awotchedwe. Moto usanayatsidwe kazembe akutulukira ndi uthenga woti Balthazar ali moyo. Wosalakwa amasulidwa, wabodza atengedwa kukalangidwa, nkhani yatha m'mphindi zochepa. Sini yotsatira ndi Hieronimo ali yekha, akulira kuti kumwamba kulibe chilungamo.

Ndiye owonera angoona kumene ndi maso kuti m'dziko la seweroli choonadi chimatha kufika kwa wolamulira pa nthawi yake. Chikalephera kufika kwa mfumu ya Spain, Lorenzo atatsekereza Hieronimo pa act 3 sini 12 mpaka mkuluyo kuyamba kukumba pansi ndi mpeni, akudziwa kuti zikanatha kuyenda mwina. Mukachotsa Portugal, adzangoti kumeneko makhoti sagwira ntchito chikhalire, ndipo ululu wake udzachepa.

Chachiwiri, bodza la Villuppo ndi limene limatipangitsa kumumvetsa Hieronimo akamazengereza. Tangoona kumene munthu atatsala pang'ono kupsa chifukwa cha mawu a munthu mmodzi. Ndiye woweruza akatola kalata yogwa kuchokera pamwamba n'kunena kuti ndifufuze kaye, sitimutenga ngati wamantha.

Mwale: Zimenezo n'zomveka m'kalasi, amayi, munthu ali ndi buku m'manja. Kodi wowonera wokhala kumbuyo kwa holo adzaziona?

Nankhoma: Sadzazifotokoza, koma adzazimva. Ndipo pali china chosafuna buku. Kumapeto, pa sewero la Soliman ndi Perseda limene Hieronimo akonza, Viceroy wakhala pampando akuwombera m'manja imfa ya mwana wake, poganiza kuti n'zosewera. Poyamba analira mwana wamoyo, tsopano akusekerera mwana wakufa. Ngati owonera sanamuone akulira mu act 1, ndi mlendo chabe wovala bwino amene wabwera ku ukwati. Hieronimo akamamuuza kuti chisoni chathu n'chimodzi, mawuwo adzagwera pa munthu amene sitimudziwa.

Za Olivier ndiyankhenso. Atachotsa Fortinbras, Hamlet inasanduka nkhani ya banja limodzi, ndale za Denmark ndi Norway zinapita. Iye anafuna zimenezo ndipo anadziwa chimene akutaya. Shakespeare anaika ana atatu ofedwa atate awo, Hamlet, Laertes ndi Fortinbras, kuti wina aziyezedwa ndi mnzake. Kyd anachita zomwezo kale ndi atate ofedwa ana.

Chisale: Ndi khalidwe la masewero onse obwezera a nthawi imeneyo. Mu The Revenger's Tragedy, imene ambiri tsopano amati ndi ya Thomas Middleton, Ambitioso ndi Supervacuo amakonza zoti Lussurioso, mbale wawo wopeza, adulidwe mutu, koma asilikali amakadula mng'ono wawo weniweni. Vindice, wobwezera wa m'sewerolo, palibepo pamenepo, komabe ukatha kuona zimenezo umadziwiratu kuti m'nyumba imeneyi chiwembu chimabwerera mwini wake, ndipo naye chidzamupeza.

Nabanda: Chabwino, mwandigonjetsa pa tanthauzo. Koma ola limodzi ndi theka silinatalike. Ndidule chiyani tsono?

Gondwe: Ndafika mochedwa. Funso loyamba, amayi: mukugwiritsa ntchito buku liti? Seweroli linasindikizidwa koyamba mu 1592, ndiye la 1602 linabwera ndi zowonjezera za mizere yoposa 300, kuphatikizapo sini ya wojambula zithunzi ija. Mabuku ena a masiku ano amazilowetsa m'kati momwemo, ena amaziika kumapeto. Ngati lanu linalowetsa, zichotseni zonse, mwapeza kale mphindi zambiri.

Nabanda: Langa muli wojambulayo. Ndimamukonda, ndiye ndinamusiya.

Gondwe: Ndi sini yokoma, sindikukana. Philip Henslowe, mwini nyumba ya zisudzo ku London, analemba m'kaundula wake kuti analipira Ben Jonson mu 1601 ndi 1602 kuti awonjezere zina pa seweroli, ngakhale akatswiri amatsutsanabe ngati zimene zinasindikizidwazo zili zake. Koma ntchito ya wojambulayo ikugwiridwa kale ndi Bazulto, nkhalamba ya pa act 3 sini 13 imene imabwera kudzadandaula za mwana wake wophedwa, Hieronimo n'kusokonezeka mpaka kung'amba mapepala a anthu ena odandaula. Atate awiri ofedwa akubwera kwa Hieronimo motsatizana, nkhani yake imodzi. Sankhani mmodzi. Ine ndingasunge Bazulto chifukwa amamupeza ali pa ntchito yake ya uweruzi.

Kwina kodula ndi act 1. Nkhondo imene Andrea anafera ikufotokozedwa kanayi: mzimu wa Andrea koyambirira, mkulu wa asilikali kwa mfumu, Villuppo ndi bodza lake, ndiye Horatio kwa Bel-imperia. Ya mkulu wa asilikaliyo ndi yaitali zedi, yodzaza manja ndi miyendo yoduka. Siyanimo mizere yonena kuti Spain yapambana, Andrea wafa, Balthazar wagwidwa. Zina zonse zipite.

Mwale: Chotsaninso kasewero ka pa phwando kaja, ka asilikali atatu a ku England ogonjetsa mafumu a Portugal ndi Spain. Robert wa ku Gloucester, Edmund wa ku Kent, John of Gaunt. Kanalembedwa kuti anthu a ku London akondwe m'zaka zimene England ndi Spain anali pa udani, nthawi ya Armada ya 1588. Kwa ife n'kopanda ntchito.

Chisale: Mawu ake achotsedwe, koma kasewerocho kaoneke ngakhale kwa theka la mphindi, ng'oma ikulira, mfumu ikuyamikira Hieronimo. Mu act 4 Balthazar amamupempha sewero la ukwati pokumbukira chionetsero chomwechi. Popanda icho anthu adzadabwa kuti woweruza milandu wayamba liti zisudzo.

Nabanda: Zoona. Nanga osewera? Portugal ikufuna anthu anayi, kuwerengera kazembe.

Gondwe: Kazembe muli naye kale, amapezeka ku Spain konse. Viceroy akufunika mpaka kumapeto. Otsala ndi awiri, ndipo mukhoza kuwapatsa anthu amene ali ndi mbali zina. Villuppo atengedwe ndi amene adzakhale wonyonga anthu, sakumana pa siteji.

Nankhoma: Ine ndikanakonda Viceroy ndi Bazulto akhale munthu mmodzi, nkhope imodzi ya bambo wolira.

Gondwe: Sizingatheke, amayi. Bazulto akutuluka kumapeto kwa sini 13, Viceroy akulowa ndi mfumu koyambirira kwa sini 14. Alibe nthawi yovula ngakhale chipewa. Koma yesani izi: wosewera Horatio akhalenso Alexandro. Amuchotsa pa siteji ali mtembo, mzimu wa Andrea ndi Revenge, mzimu wa kubwezera, akulankhula pang'ono, kenako munthu yemweyo akulowa womangidwa, ulendo uno n'kupulumuka. Zonse zimene a Nankhoma afotokoza zija wowonera wa kumbuyo adzaziona ndi maso.

Mwale: Kapena adzafuula kuti Horatio wadzuka! Anthu athu mukuwadziwa. Ndiponso mu act 1 munthuyo ali mu sini 2, 3 ndi 4 motsatizana.

Gondwe: A ku Portugal onse avale mtundu umodzi, tinene wobiriwira, a ku Spain wofiira. Mkanjo woponya paphewa, osati zomanga mabatani. Mu sini 3 Viceroy amayamba ndi kulira kwakutali, Alexandro akhoza kulowa mochedwerapo.

Nabanda: Ndalemba motere. Zowonjezera za 1602 zonse zachoka, wojambula wanga wapita. Mkulu wa asilikali watsala ndi mizere yochepa. Kasewero ka pa phwando kakhala kopanda mawu. Pedringano yense alipo. Portugal ilipo, koma kulira kwa Viceroy ndikudula pakati ndipo sini ya moto iyambira pamene akumubweretsa Alexandro. Za Horatio kukhala Alexandro ndiyesa Lachinayi, ndiitana ana a chaka choyamba amene sanawerengepo seweroli adzaonere, kenako ndiwafunse kuti womangidwa uja anali ndani. Akati Horatio, mbaliyo ndipatsa wosewera Bazulto. A Gondwe, munditumizire ku inbox manambala a mizere imene munadula pa mkulu wa asilikali, ndifananize ndi buku langa.

Gondwe: Madzulo ano, ndikafika kunyumba.